Anatenga Pasipoti Yanga ku Phiri, Anandibwezera ya Munthu Wina

Pasipoti yanga ili kwa munthu amene sindikumudziwa. Yake ili kwa ine. Ndege yanga inanyamuka Lachitatu m'mawa ine nditaima pakhomo la ofesi ya kampani ina yoyendetsa anthu okaona malo, ku Al Nahda. Lero ndi Lachisanu. Palibe ndi mmodzi yemwe wa kampaniyo amene wanena kuti pepani.

Ndalira, ndapemphera, ndakalipa. Chatsala n'kulemba pano. Chonde werengani mpaka kumapeto, mwina wina mwa inu akumudziwa mayi amene ndikumufunayo.

Ndine Esinati, kwathu ndi ku Dedza. Ndimalera ana awiri panyumba ina ku Jumeirah Village Circle, kuno ku Dubai, ndipo ndimagona konko. Ndatha zaka ziwiri ndi miyezi inayi osaponda kumudzi. Mwana wanga Tadala anali woyembekezera, mimba yoyamba, koma magazi ake ankathamanga kwambiri ndipo miyendo inatupa. Achipatala anamuuza kuti akadikirire kuchipatala komweko, mwina adzachita kumupanga opaleshoni. Inu akwathu mukudziwa mmene zimakhalira. Wodwala amafuna gadiyani womuphikira, womuchapira, womugwira popita kubafa. Mwamuna wa Tadala ali ku Joni. Amayi anga anamwalira, mchemwali ndilibe. Gadiyani ndinali ine.

Madamu anga si munthu woipa. Anandipatsa tchuthi cha mwezi wathunthu, anandigulira tikiti ya Lachitatu, ndipo Loweruka anatulutsa pasipoti yanga m'kabati momwe timaisunga n'kundipatsa m'manja.

Lamulungu linali tsiku langa lopuma lomaliza ndisananyamuke. Ndili ndi mnzanga wakutchalitchi, ba Doreen a ku Chipata, amene amagulitsa mafuta onunkhira m'sitolo ina ku Downtown. Iwo ndi amene anandionetsa uthenga wa kampaniyo pafoni. Ulendo wa tsiku limodzi. Mapiri, munda wa mphesa, kulawa madzi a mphesa ofinya pomwepo, kenako nkhomaliro palesitilanti ya pamwamba pa phiri. Zonse madiramu 180, ndalama za kuno. Pachithunzi panali azungu awiri atakweza matambula m'mwamba, kumbuyo kwawo mizere ya mphesa mpaka kosaoneka.

"Tiyeni mwandi," anatero ba Doreen. "Muzakamba chani ku nyumba? Ati mu Dubai munaona chabe matewera na makina ochapira?"

Ndinaseka, koma ankanena zoona. Zaka ziwiri zonsezi ine ndimadziwa khonde la nyumba, pomwe basi ya sukulu imaima, ndi tchalitchi. Ndinafuna kukhala ndi zithunzi zokamuonetsa Tadala tili chikhalire kuwodi. Ndinalipira.

Loweruka madzulo kampaniyo inatumiza uthenga. Akuti aliyense abweretse pasipoti yeniyeni, osati chithunzi chake, chifukwa msewu umadutsa pafupi ndi malire a Oman ndipo pamakhala apolisi. Uthengawo ndikadali nawo.

Anati basi inyamuka 7 koloko. Inafika 8:25. Inali minibasi yoyera, ife tinalipo khumi ndi anayi: atsikana a ku Philippines, banja lina la Amwenye, amayi atatu a ku Uganda, ba Doreen ndi ine. Dalaivala anali bambo wachikulire wa ku Pakistan, wosayankhulayankhula. Wotitsogolera, amene amamutcha gaidi, anali bambo wa magalasi akuda, wa zaka mwina makumi anayi, wotchula mkazi aliyense kuti mama. Za kuchedwa sananene kanthu. Anangoti yalla, yalla, kutifulumizitsa ngati ochedwa ndife.

Sindinama, poyamba ndinasangalala. Nyumba zazitali zija zinatha, tinalowa mumchenga wofiira, tinaona ngamira zitaima pafupi ndi mpanda wa waya. Kenako mapiri anayamba kuoneka. Si ngati a ku Dedza aja okhala ndi mitengo ndi nkhungu. Awa ndi miyala yokhayokha, yakuda ngati inapsa ndi moto. Mayi wina wa ku Uganda amene anakhala kumbuyo kwanga anatipatsira mtedza wokazinga. Anavala duku lachikasu, ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, ndipo ankaseka pachilichonse. Sindinamufunse dzina. Mumusunge m'mutu mayi ameneyu.

9:50 gaidi anaimirira ndi kachikwama kabuluu ka zipi. Akuti tiponyemo mapasipoti onse kuti kwa apolisi tisakachedwe.

Ine ndinakana. Ndinamuuza kuti yanga ndionetsa ndekha, Lachitatu ndikuuluka.

"Mama, ntchitoyi ndaigwira zaka khumi," anatero. "Mukufuna anthu onsewa atsike basi chifukwa cha inu?"

Anthu onse anandicheukira. Mukudziwa mmene zimakhalira munthu wakuda ukakhala wekha wovuta pagulu. Ndinapereka. Ndi dzanja langali ndinaponyamo.

10:15 tinafika pomwe panali apolisi. Wapolisi anasuzumira pawindo, anakweza dzanja, tinadutsa. Kachikwama sikanatsegulidwe n'komwe. Ndinati ndiye bwezani yanga. Akuti pobwerera pali apolisi ena, khalas, basi zatha mama, musadandaule. Anakamangirira m'chiuno.

11:30 tinafika kumunda wa mphesa. Abale anga, munda? Tinaima pafamu ina ya mbuzi. Kuseri kwa chimbudzi kunali timitengo ta mphesa tisanu titayanga pawaya. Ndinawerenga. Tisanu. Mphesa palibe ngakhale imodzi, masamba ofota. Madzi ofinya pomwepo aja anatuluka m'katoni ya m'golosale, akutitsanulira m'timakapu tapulasitiki, ofunda ngati tiyi. Ba Doreen anafunsa kuti kodi za pachithunzi zija zili kuti. Gaidi akuti imeneyo ndi nyengo ina. Nyengo iti? Dziko liti? Mphesa zimabala pachithunzi pokha?

Tinaseka. Nthawi imeneyo ndinkathabe kuseka.

Kenako tinayamba kukwera phiri. Msewu wokhotakhota, kuphompho kukuoneka pansi penipeni. Choziziritsa m'basi chinazimitsidwa. Dalaivala akuti akachiyatsa injini ilephera kukwera. Tinatsegula mawindo, fumbi n'kumalowa. Mwana wa Amwenye aja anasanza kawiri. Aliyense ankangoti tikafika tidya, tikafika tidya, chifukwa uthenga unatiuza kuti tisanyamule chakudya.

1:20 tinafika palesitilanti. Imeneyo yokha inalipodi. Matebulo a nsalu zoyera, maambulera, ukayang'ana kutsogolo mapiri okhaokha mpaka kumathero a maso. Fungo la nyama ya nkhosa yowotcha ndi mpunga wa zonunkhira linatichingamira pageti.

Ndipo pageti pomwepo ndi pomwe tinathera.

Woyang'anira malowo anayang'ana pakompyuta yake, anapukusa mutu. Akuti palibe gulu la anthu khumi ndi anayi limene lalembetsa. Kampaniyo sakuidziwa. Palibe amene anaimba. Gaidi anayamba kukuwa pafoni m'chinenero chake, akuyendayenda. Ife tinapempha kuti bola tikhale pamatebulo opanda anthu, analipo anayi. Akuti ndi osungidwira ena. Ba Doreen anati ndiye tigule tokha mbale imodzi ya tchipisi tigawane. Akuti Lamulungu amalandira olembetsa okha. Chimbudzi? Cha makasitomala.

Tinakhala pakakhoma ka poimika magalimoto, dzuwa lili paliwombo. Anthu akudutsa ndi magalimoto awo akuluakulu akutiyang'ana ngati tabwera kudzafuna ganyu. Tikumva masupuni akulira m'mbale. Mtsikana wina wa ku Kenya woperekera zakudya anatuluka kukhomo lakumbuyo ndi mabotolo asanu ndi limodzi amadzi ndi buledi wopyapyala uja wa Aluya atakulunga pansalu. Anangosiya pakhoma n'kuthawa. Mulungu amudalitse kumene aliko. Nkhomaliro ya pamwamba pa phiri inali imeneyo: kachidutswa ka buledi ndi theka la botolo la madzi.

2:40 kunabwera kagalimoto kotula masamba ndi mabotolo a gasi. Gaidi anayankhula ndi woyendetsa wake, kenako anabwera kwa ife. Akuti akutsika kukatitengera chakudya kumunsi, mphindi makumi awiri basi.

Ndinamuthamangira. Ndinati siyani kachikwamako.

"Mama, mwayambanso? Ndithawira kuti ndi pasipoti yanu? Ndi ya golide?"

Anatseka chitseko. Ndinaona kagalimotoko kakukhota pakona yoyamba, kenako yachiwiri.

3 koloko, zii. 3:30, zii. Tinaimba, foni ikungoitana. 4 koloko tinaimbanso, yazimitsidwa. Nambala ya kuofesi ikuyankha ndi makina akuti Lamulungu satsegula. Inde, kampani yotengera anthu kumapiri Lamulungu siyankha foni Lamulungu.

4:30 dalaivala analiza injini. Akuti iye si wa kampaniyo, anangochita kumubwereka ndi basi yake kwa tsiku limodzi, ndipo sangatsike phirilo kutada chifukwa nyali imodzi ndi yakufa. Ine ndinati sindichoka popanda pasipoti. Ba Doreen anandigwira mkono.

"Manje mukatsala pano muzagona pati? Tiyeni, mailo pa Lolemba tizapita ku ofesi."

Potsika ndinkayang'ana sitolo iliyonse, pomwetsera mafuta paliponse. Apolisi apobwerera aja kunalibe. Ndinalowa m'nyumba 7:15 madzulo. Madamu atandiona nkhope anazimitsa TV.

Lolemba. Madamu anandipatsa m'mawa wonse. Ndinanyamuka 6:30, ndipo amene mumadziwa kuthithikana kwa magalimoto kumalire a Sharjah, mzinda woyandikana ndi Dubai, mukudziwa zimene ndinakumana nazo. Ndinafika 9:10. Pachitseko panalembedwa kuti amatsegula 9 koloko. Anatsegula 10:05. Ofesi yake ndi kachipinda kamodzi pansanja yachitatu, desiki imodzi, mipando iwiri, pakhoma chithunzi chomwe chija cha azungu ndi matambula.

Padesiki panali mayi wina wa zikhadabo zazitali zofiira. Ndinafotokoza zonse. Anandimvetsera akudya sangweji. Akuti gaidi uja anakangana ndi abwana pafoni dzulo ndipo wasiya ntchito. Wasiya ntchito! Pakati pa ulendo, pamwamba pa phiri, mapasipoti khumi ndi anayi ali m'chiuno!

Ndinafunsa kuti amakhala kuti. Akuti sakudziwa. Ndinafunsa kuti abwanawo ali kuti. Akuti ali pamsonkhano. Kuti? Kunja. Abwera liti? Inshallah, Mulungu akalola. Ndinamuonetsa tikiti yanga. Ndinamuonetsa chithunzi cha Tadala ali pabedi lachipatala, miyendo yotupa ija ili pamtunda. Anayang'ana pang'ono n'kunena kuti aliyense ali ndi mavuto ake, ndipo sindikanayenera kupereka pasipoti kwa munthu wina.

Mwamva? Olakwa ndine. Uthenga wolamula kuti tibweretse mapasipoti anatumiza ndi iwo, munthu wotolera anamulemba ntchito ndi iwo, koma wopusa ndine.

Nditatuluka ndinapita kupolisi. Kumeneko anandilandira bwino, anandipatsa mpando. Anandifotokozera kuti ngati pasipoti yatayika ndibweretse kalata yochokera kukampaniyo yonena zimene zinachitika, kuti andilembere lipoti lopita nalo kuofesi ya dziko lathu. Ndinabwerera ku Al Nahda. Mayi uja akuti sangalembe kalata chifukwa pasipoti sinatayike, ili ndi munthu wodziwika. Wodziwika amene sakudziwa komwe amakhala.

Masana Tadala anaimba. Anafunsa ngati ndalongedza, ndipo ngati ndagula timabulangete ta mwana tija ndinamulonjeza. Ndinati zonse zili m'chikwama. Za pasipoti sindinamuuze. Munthu wothamanga magazi ungamuuze zoterozo?

Lachiwiri 11:40 foni inalira. Mayi wa zikhadabo uja, mawu okoma ngati uchi. Akuti uthenga wabwino habibti, wokondedwa wanga, gaidi wasiya kachikwama kwa mlonda wapansi pa ofesi yawo. Mapasipoti onse alimo. Ndinagwada m'khitchini. Ndinati ndikubwera pompano. Akuti ayi musavutike, ayika kale m'maenvulopu, wanjinga yamoto abweretsa pakhomo isanakwane 2 koloko. Ndinati bola ndibwere ndekha. Akuti maenvulopu atuluka kale.

2 koloko, palibe. 3 koloko, palibe. Ba Doreen anandiimbira 3:20 kuti yawo yafika, ili bwinobwino. Mtima unakhala pansi pang'ono. Ndinakatenga ana pabasi, ndinawasambitsa, maso ali pawindo.

5:40 belu linalira. Envulopu yakhaki, pamwamba palembedwa dzina langa ndi nambala yanga. Ndinasainira, wanjinga anapita. Ndinang'amba ndili pachitseko pomwepo.

Chikuto sichinali cha kwathu. Ndinatsegula. Nkhope ya mayi wa mtedza uja inandiyang'ana. Uganda. Dzina lake loyamba Harriet.

Ndinakhala pansi pakhonde. Mwana wamng'ono amene ndimalera anabwera n'kundifunsa ngati ndagwa.

Ndinaimba kuofesi 5:48, sanayankhe. 5:52, sanayankhe. 6:01 makina aja akuti tatseka. Madamu anaimba ndi foni yawo, chimodzimodzi. Analemba uthenga, unawerengedwa, timizere tiwiri tija tinasintha mtundu, yankho ayi. Chikwama changa chinali pakhomo chitatsekedwa kale, timabulangete tili pamwamba.

Lachitatu ndege inkanyamuka 9:35. Ine 7:30 ndinali kale pansanja yachitatu ija, nditatsamira chitseko chokhoma. Mumtima ndinkati mwina, mwina atsegula msanga, mwina envulopu yanga ikadali m'dirowa, mwina takisi ithamanga. Ndinayang'ana wotchi mpaka 9:35 inakwana. Anatsegula 10:10.

Tsiku limenelo abwana analipo. Bambo wonenepa wa mphete zitatu. Ndinaika pasipoti ya Harriet padesiki. Anaitsegula, anandiyang'ana, anayang'ananso chithunzi. Kenako anafunsa ngati ndikutsimikiza kuti si ine.

Ndikubwereza. Anandifunsa ngati ndikutsimikiza kuti si ine.

Ndinati bambo, ine ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, ndimadzidziwa nkhope. Pachikuto palembedwa Uganda, ine ndine Mmalawi. Mayi wa zikhadabo anati iye anangoyang'ana zithunzi mwachangu, amayi a ku Africa tinalipo asanu, ndipo pazithunzi timafanana. Sanawerenge dzina? Sanaone dziko? Ntchito yake ndi yotumiza anthu kunja kwa mzinda ndi mapasipoti, koma kuwerenga mawu amodzi pachikuto kwamukanika?

Ndinati chabwino, ndiye kuti yanga ili kwa Harriet. Ndipatseni nambala yake. Akuti sangapereke nambala ya kasitomala kwa munthu wina, ndi chinsinsi. Pasipoti yake yonse, tsiku lobadwa, chithunzi, zidindo, anandipatsa popanda kufunsa. Nambala yokha ndiye chinsinsi.

Ndinati imbani ndinu. Anaimba. Anayankha mkazi wina, akuti iye si Harriet, anangomuthandiza kulembetsa ulendowo pafoni yake chifukwa anakumana kutchalitchi. Akuti Harriet amagwira ntchito ya m'nyumba kwinakwake ku Sharjah, foni amamulola kugwira tsiku lopuma lokha, ndipo amapuma kamodzi pamwezi. Nyumba yake sakuidziwa. Nanga envulopu inapita kuti? Mkaziyo akuti kwa iye sinafike. Abwana anaimbira a njinga zamoto. Iwo akuti anasiya pomwe analembapo, kwa mlonda wa nyumba ina, mlondayo anasainira. Nyumba iti? Akuti afufuza, wanjinga wa dzulo lero sali pantchito.

Abwana anatambasula manja. Akuti mwaona mama, vuto ndi la anjinga. Anjinga akuti vuto ndi la amene analemba envulopu. Wolemba envulopu akupenta chikhadabo.

Ndinapemphanso kalata ya kupolisi ija. Akuti ayi, pasipoti sinatayike, ili kwa kasitomala wina. Kenako anati ndisiye ya Harriet pompo. Ndinaitola msanga n'kuilowetsa m'bulauzi. Ndiwapatsenso? Kuti akaipereke kwa munthu wachitatu wofanana nafe?

Pomaliza abwana anati pofuna kuonetsa kuti ndi anthu abwino, andipatsa ulendo wina waulere wa kumapiri, tsiku lililonse limene ndingasankhe. Anamwetulira. Ankadikira kuti ndinene shukran, zikomo wa Chiluya.

Ndinatuluka n'kukalira pamasitepe. Mlonda wapansi anandibweretsera madzi.

Madzulo ake ndinamuuza Tadala kuti ndege yasintha tsiku. Anangoti, "Chabwino amayi," koma mawu ake anali ochepa.

Lachinayi 10:30 m'mawa ndikusita mayunifolomu a ana, foni inalira. Anali amake Yankho, oyandikana nawo nyumba kumudzi, amene ndinawapempha kuti azimuzonda Tadala mpaka ine nditafika. Akuti magazi akwera kwambiri, wayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, madokotala akuti sangadikirenso. Anamupatsa Tadala foni akumukankha pabedi lamatayala.

"Amayi, mwafika pati?"

Ndinati ndili m'njira mwanangu. Ndinanama. Ndinali nditagwira simbi m'nyumba ya eni.

Maola awiri amene anatsatira sindingathe kuwafotokoza. Ndinazimitsa simbi, ndinagwada pafupi ndi makina ochapira, ndinatchula dzina la Yesu mpaka mawu anatha. 12:50 amake Yankho anaimbanso. Mwana wamkazi, wamoyo, koma wochepa kwambiri, amutengera kuchipinda cha ana osakwana masiku. Tadala wadzuka koma magazi sanatsikebe, ndipo akuti amuyang'anitsitsa masiku angapo.

Amake Yankho ali ndi ana awo anayi ndi geni yawo ya tomato. Agona pansi pa bedi la mwana wanga usiku umodzi, ndipo andiuza mosabisa kuti kupitirira Lamulungu sangathe. Sindingawadandaule. Achita kale zimene ndinayenera kuchita ine. Tadala ali ndi bala pamimba, sangadzuke yekha, ndipo akufunika kupita kukafinya mkaka wa mwana maola atatu alionse, kuchipinda china. Amugwira ndani Lolemba?

Lero m'mawa ndinaimbanso kuofesi kasanu. Kachisanu mayi uja anayankha, akuti akufufuzabe, ndipo lero amaweruka 12 koloko. Madamu anaimba n'kuwaopseza kuti akawanenera ku boma. Abwana akuti palibe vuto madamu, inshallah mawa. Madamu andisinthira tikiti kufika Lolemba m'mawa. Andiuza mwaulemu kuti kusinthanso kachiwiri sangakwanitse, komanso mtsikana amene anamupeza kuti andigwirire ntchito mwezi uno wayamba kale, masiku anga atchuthi akutha ndili pano.

Tsono inu a kampani, ndikudziwa kuti muwerenga, chifukwa ba Doreen akutumizirani. Sindikufuna ulendo wanu waulere. Madiramu anga 180 khalani nawo, mugulire timitengo tanu feteleza. Ndikufunsa zitatu. Envulopu ya Harriet munalembapo nyumba iti? Bwanji simukutuma munthu kukagogoda pamenepo, Sharjah ili kuseri kwa ofesi yanu? Ndipo ngati simungaipeze, bwanji mukukana kulemba kalata ya mizere itatu yonena zoona? Mawa Loweruka 8 koloko ndidzakhala pakhomo panu. Ba Doreen apempha tsiku kuntchito, amayi ena anayi akutchalitchi akubweranso. Tidzakhala pamipando yanu iwiriyo mosinthana, ndipo ine sindidzachoka popanda chimodzi mwa ziwiri, pasipoti kapena kalata.

Inu abale ogwira ntchito kuno, wina akakuuzani kuti ponyani pasipoti m'kachikwama kuti tisachedwe, kanani. Akuyang'aneni basi yonse, akutcheni wovuta, kanani. Ine ndinaopa manyazi a mphindi imodzi.

Ndipo tsopano pempho langa. Amene muli m'magulu a amayi a ku Uganda, amene mumapemphera nawo, amene mumagwira ntchito m'nyumba za ku Sharjah kapena mumadziwana ndi alonda a kumeneko, tumizani uthengawu. Ndikufuna Harriet, mayi wa zaka za m'ma makumi atatu, wa mpata m'mano, amene Lamulungu lapitali anapita kumapiri atavala duku lachikasu. Mwina envulopu ikadali m'dirowa la mlonda. Mwina Harriet anaipereka kwa abwana ake osaitsegula, ndipo akuganiza kuti pasipoti yake ili pabwino. Mumuuze kuti ili kwa ine, ndaikulunga mupulasitiki, sinapindike ngakhale pakona. Ndibwera ndekha kulikonse kumene ali, nthawi iliyonse, ndikaima pageti, sindimuyambitsira mavuto kwa abwana ake. Lembani pansi pa uthenga uno, foni ili m'manja.

Mdzukulu wanga alibe dzina. Anamwino afunsa kawiri kuti alembe chiyani pakhadi. Tadala wawauza kuti asiye malowo, agogo ake ali m'njira, adzamutcha okha akamuona.